Msonkho umagwira amene alibe kothawira

Aphunzitsi ena a ku Chinamwali kuno ku Zomba anditumizira imelo sabata yatha. Akuti: "Mwezi uliwonse boma limandidula msonkho ndisanagwire n'komwe malipiro anga. Kodi anthu olemerawa nawonso amapereka gawo lowayenera, kapena misewu ndi zipatala zikuyendera thukuta la ife tokha?"

Aphunzitsi, ambiri sapereka mokwanira, koma chifukwa chake sichimene timakonda kunena m'minibasi. Pa pepala lamulo la msonkho wa pa malipiro silikondera olemera. Msonkhowu, womwe umatchedwa PAYE, umakwera malinga ndi malipiro, ndipo mu 2020 boma lidakweza ndalama zosadulidwa msonkho kufika pa K100,000 pamwezi pofuna kupepukitsa a malipiro ochepa. Bwana wa kubanki wolandira mamiliyoni amadulidwa kwambiri kuposa inu, ndipo nayenso alibe pobisala, chifukwa abwana ake ndiwo amatumiza ndalamazo ku MRA, bungwe lotolera misonkho.

Koma chuma chenicheni kuno sichibwera ngati malipiro a pamwezi. Pitani ku Chikanda mukaone nyumba zimene ophunzira a ku sukulu ya ukachenjede ya Chanco amachita lendi. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi zipinda 30, mwana aliyense n'kumalipira pamanja kapena pa foni. Lamulo limati ndalama za lendi n'zoyenera kukhomeredwa msonkho. Nanga adzawerenge zipindazo ndani? Chimodzimodzi wogula malo n'kudzagulitsa mtengo utakwera, kapena wogula mpunga wa ku Domasi ndi matemba a ku Kachulu pa lole yathunthu popanda kalikonse kolembedwa. Sindikuti onse amazemba ayi, alipo okhulupirika. Ndikuti iwo amachita kusankha kupereka, pomwe inu simufunsidwa.

Ndiye pali VAT, msonkho wa pa zinthu zimene timagula, yemwe kwa zaka zambiri adali pa 16.5 peresenti. Uyu sayang'ana nkhope. Mayi wogulitsa tomato ku Mpondabwino akagula mayunitsi a foni amalipira msonkho wofanana ndi mwini mahositelo, komabe kwa mayiyo ndalamayo ndi ya ndiwo zamadzulo. Onjezanipo chiphaso cha kumsika chomwe a khonsolo amadulitsa tsiku ndi tsiku, malonda ayende asayende. Wa kabaza wa njinga yamoto nayenso amapereka ndalama zokonzera misewu pa lita iliyonse ya petulo, kenaka n'kumazemba maenje ndi mafuta omwewo.

Zimene zimandiwawa ine ndi zija zochita kuvomerezedwa ndi lamulo. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu ena a boma amaloledwa kuitanitsa galimoto osalipira msonkho wa pachipata, pomwe namwino woitanitsa kagalimoto kakale ka ku Japan amalipira wonse. Makampani akuluakulu amakambirana ndi boma asanayambe ntchito. Kampani ya Paladin ya ku Australia, yomwe inkakumba uranium ku Kayelekera m'boma la Karonga, idachotseredwa misonkho ina pa mgwirizano wa mu 2007, ndipo mu 2015 bungwe la ActionAid lidawerengetsera kuti dziko lidataya madola 43 miliyoni a ku America m'zaka zisanu ndi chimodzi. Inu mudakambiranapo ndi ndani za PAYE wanu?

Olemera ali ndi yankho lawo, ndipo ndalimva kambiri: tiperekerenji pomwe ndalama zimabedwa? Amatchula Cashgate ya mu 2013. Kubako kudachitikadi, koma amene adagona pansi m'zipatala mankhwala atasowa si iwo. Iwo amapita ku chipatala cholipira, ana awo ali ku sukulu zapulaiveti, madzi akasiya ali ndi thanki pabwalo.

Chinthu chimodzi chili m'manja mwanu, ngakhale n'chaching'ono. Mukagula simenti kapena malata m'sitolo yayikulu m'tauni muno, ena amafunsa monong'ona kuti, "Mukufuna risiti kapena ndikuchotsereni pang'ono?" Risiti la makina a MRA ndilo limasonyeza kuti katunduyo wagulitsidwa. Popanda ilo, malondawo sadachitike m'mabuku, ndipo msonkho wa phindu la sitoloyo nawo watsala m'thumba la mwini wake. Ndivomere, nanenso ndidatengapo kuchotseredwako pomwe ndinkafolera nyumba yanga ku Matawale.