Mphoto ya wophunzira wogwira ntchito bwino: musankhe bwanji popanda kugwetsa ena mphwayi?

Mayi wina amene amayang'anira laibulale pa yunivesite ina wanditumizira imelo. Ali ndi ophunzira angapo amene amagwira ntchito yolipidwa mu laibulalemo akatuluka m'kalasi, ndipo akuluakulu awauza kuti asankhe mmodzi woti alandire mphoto ya chaka chino. Funso lawo ndi lakuti: "Ndisankhe bwanji mmodzi, enawo osakhumudwa? Nanga satifiketi payokha ndi yokwanira?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo musachite nawo mphwayi. Ku Amereka, bungwe la National Student Employment Association limakumbukira ophunzira ogwira ntchito m'makoleji sabata imodzi ya mwezi wa Epulo chaka chilichonse, ndipo mayunivesite ambiri amasankha wophunzira wogwira ntchito bwino koposa pa nthawi imeneyo. Ena mwa ophunzira otere kumeneko amalipidwa kudzera mu pulogalamu ya boma ya Federal Work-Study, yomwe inayamba ndi lamulo la 1964 pofuna kuthandiza achinyamata ochokera m'mabanja osapeza bwino. Ndatchula zimenezi dala. Wophunzira amene akubweza mabuku m'mashelefu nthawi zambiri sakuchita zimenezi potaya nthawi ayi. Ndalamayo ndi imene ikumulipirira malo ogona ndi zofunika zina, ndipo m'mawa mwake akulemba mayeso ngati wina aliyense. Munthu wotere mukamamuyamikira, muyamikireni mozama.

Vuto lalikulu la mphoto zoterezi ndi lakuti zimathamangira kwa amene amaonekera. Mtsikana wansangala amene amakhala pa desiki yolandirira anthu, aphunzitsi onse amamudziwa dzina, ndipo mukafunsa aliyense amatchula iyeyo. Mwina ndi woyeneradi. Koma taganizani za mnyamata wa shifiti ya usiku, amene amayenda shelefu ndi shelefu akuwerenga manambala a pamsana pa mabuku, n'kupeza buku limene linaikidwa pamalo olakwika ndipo anthu akhala akulifunafuna temu yonse. Iye salankhula zambiri. Akamazimitsa magetsi ndi kukhoma zitseko, inu muli kunyumba kale. Ntchito yake imaoneka pokhapokha tsiku limene sanabwere. Ngati simudzuka pampando n'kupita kukaona nokha, mnyamata uyu sadzapambana mphoto ina iliyonse mpaka amalize sukulu.

Choncho musanatchule dzina lililonse, lembani kaye zimene mukufuna kuona: kudalirika, ukhondo wa ntchito, kuyamba yekha chinthu osadikira kuuzidwa, ndi mmene amakhalira ndi anzake. Ziwerengeni pamaso pa ophunzira onse. Kenako pemphani aliyense, kuphatikizapo ophunzirawo, alembe za mnzake mmodzi, koma atchule chinthu chenicheni chimene anachita. Mawu akuti "ndi wolimbikira ntchito" musawalandire, chifukwa angalembedwe za munthu wina aliyense. Mufune mawu onga akuti "makompyuta obwereketsera mabuku atafa sabata ya mayeso, iye analemba buku lililonse pamanja, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene linasowa." Mutu umodzi susenza denga: itanani anthu awiri kapena atatu a m'madipatimenti ena, fufutani mayina pa zolembazo, awerenge ndi kusankha. Mukatero mwadziteteza ku mawu akuti mwakondera.

Chinthu chimodzi ndikukupemphani ndi mtima wonse: musapereke mphoto potengera kuchuluka kwa maola. Wogwira maola ambiri nthawi zina ndi amene wapanikizika kwambiri ndi ndalama, ndipo magiredi ake akutsika mwakachetechete. Mukamuombera m'manja chifukwa cha zimenezo, mukuuza enawo kuti kujomba m'kalasi n'kwabwino. Komanso ena amamangidwa ndi malamulo. Mwachitsanzo ku Amereka wophunzira wochokera kunja amene ali ndi viza ya F-1 saloledwa kupitirira maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ngakhale atafunitsitsa.

Za satifiketi, perekani ndithu, makolo amakondwera nayo. Koma chimene chidzamuthandize wophunzirayo zaka zikubwerazi ndi kalata. Lembani kalata yomuchitira umboni ya tsamba limodzi, pa pepala la yunivesite, yofotokoza ntchito imene anagwira, nthawi imene anaigwira, ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zimene anachita mwapadera. Achinyamata ambiri akamafunsira ntchito yoyamba amati alibe luso lililonse, chonsecho akhala zaka ziwiri akuthandiza anthu okwiya, akusunga chinsinsi cha zimene anthu amabwereka, akuphunzitsa anzawo atsopano. Sadziwa kuti zimenezo ndi luso mpaka wina wamkulu atawauza.

Pa mfundo imeneyi ndimakonda zimene anayambitsa ku University of Iowa ku Amereka mu 2009, pulogalamu yotchedwa Iowa GROW. Oyang'anira amakhala pansi ndi wophunzira kwa kanthawi kochepa n'kumufunsa mafunso anayi, monga mmene ntchitoyo ikugwirizanira ndi maphunziro ake, ndi zimene waphunzira pa ntchito zomwe adzagwiritse ntchito akadzamaliza sukulu. Sizifuna ndalama. Ku Berea College, m'chigawo cha Kentucky, anapita nazo patali: ophunzira salipira fizi ya maphunziro, ndipo aliyense amagwira ntchito maola osachepera 10 pa sabata ngati mbali ya maphunziro ake.

Nanga enawo amene sapambana? Apa ndi pamene pali nkhawa yanu yeniyeni. Sakhumudwa kwenikweni chifukwa mnzawo wapambana. Amakhumudwa akaona kuti palibe amene anaona zimene iwo anachita. Pa tsiku la mphotolo tchulani aliyense dzina, ndi chinthu chimodzi chenicheni chimene anachita chaka chino. Konzani mwambowo pa nthawi imene a shifiti ya usiku nawonso angathe kubwera, ndipo ola limenelo muwalipire ngati la ntchito. Kalata ija musalembere wopambana yekha. Yambani ndi amene akumaliza sukulu chaka chino, chifukwa ndi amene akuifuna msanga, enawo muwalembere temu isanathe.