Kolawa mowa ku Cape Town: yankho kwa achimwene ofuna kuyendetsa alamu awo

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a kwathu amene akugwira ntchito kuno ku Cape Town. Akuti alamu awo akubwera kuchokera ku Lilongwe mu Disembala kudzacheza, ndipo ndi munthu wokonda kamowa kake mwaulemu. Amva kuti kuno kuli timafakitale ting'onoting'ono tofulula mowa umene anthu amautcha craft beer, ndipo tambiri tili ndi malo olawirapo. Akufunsa kuti apite kuti, akaitanitse chiyani, komanso ngati munthu wozolowera Green ndi Kuche Kuche sakangotaya ndalama pa zinthu zowawa zoti sangathe n'komwe kumeza.

Achimwene, apititseni alamuwo. Koma mupite kokalawa, osati kokaledzera. Mukasokoneza ziwirizi mudzabwerako thumba litapepuka, mutu ukuwawa, ndipo simudzakumbuka kuti mowa wachitatu unasiyana pati ndi wachisanu. Malo awiri pa tsiku ndi okwanira. Atatu ngati mwayamba masana ndipo mwadya bwino.

Ndiyambe ndi nkhawa yanu ya kuwawa, chifukwa ndi yomveka. Ife tinakulira pa mowa wa mtundu umodzi. Fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1968, ndipo inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Mowa wa m'botolo umene ambiri timaudziwa ndi lager: wowala, wozizira, wosavuta pakhosi. Ndiye munthu akangofika n'kupatsidwa IPA (India Pale Ale, mtundu wa mowa wowawa kwambiri) tsiku loyamba, nkhope imakwinyika. Chimene chikumuwawacho ndi hops, timaluwa tobiriwira ta chomera china choyanga, timene ofulula amaponya mu mowa ukamawira pamoto. Akaponya koyambirira timapereka kuwawa, akaponya kumapeto timapereka fungo. N'chifukwa chake IPA yabwino imanunkhira ngati mango kapena malalanje pamene mulibe chipatso chilichonse. Kuno ku South Africa hops amalimidwa cha ku George, m'munsi mwa mapiri a Outeniqua, ndipo kuli mitundu yakonkuno monga Southern Passion ndi African Queen. Mukaona mayina amenewa pa bolodi, dziwani kuti mukulawa za m'dziko lomwe lino.

Mbali inayo, ya chimera, alamu anu akuidziwa kale, mwina kuposa anyamata ambiri ogulitsa pa kauntala. Aliyense amene anaonapo mayi akunyika mawere kapena chimanga, n'kuvundikira mpaka zimere, n'kuyanika, n'kusinja kuti apeze chimera cha thobwa kapena masese, waona kale theka la ntchito ya fakitale. Kuno chimera chake ndi cha balere, wolimidwa kwambiri cha ku Caledon. Akachiwamba pang'ono, mowa umatuluka wowala. Akachiwamba kwambiri umada, n'kumamveka ngati khofi kapena chokoleti, ndiye stout ndi porter zimenezo. Kusiyana kwa lager ndi ale kuli pa yisiti: wa lager amagwira ntchito pang'onopang'ono pozizira, kwa masabata angapo, pamene wa ale amafuna kofundirako, amafulumira ndipo amasiya kafungo ka zipatso. Mukapita, pemphani kuti akugwiritseni chimeracho m'manja. Ambiri amakhala nacho m'timabotolo pafupi. Tafunani njere ziwiri zitatu, mudzamva kutsekemera kwake, kenaka fikisani kahops pachikhatho n'kununkhiza. Mukatero mowa uja mudzaumva mwina.

Tsopano kopita. Mwayi wa Cape Town ndi woti malo angapo ali motsatira njanji imodzi, ya sitima yochoka m'tauni kupita ku Simon's Town. Imadutsa Woodstock, Salt River, Newlands mpaka Diep River, ndipo mayina onsewa ali ndi mbiri ya mowa.

Ine ndikanayambira ku Newlands, ngakhale kuti si craft beer. Ndi fakitale yaikulu ya kampani ya South African Breweries (SAB), koma ndi yakale kuposa ina iliyonse imene ikugwirabe ntchito m'dziko muno. Pamalopo anayamba kufululapo mowa cha m'ma 1820, nthawi ya Jacob Letterstedt wa ku Sweden, ndipo pambuyo pake anadzatenga ndi Anders Ohlsson, amene kampani yake inaphatikizana ndi SAB mu 1956. Chinawakokera kumeneko ndi madzi a kasupe ochokera m'phiri la Table Mountain. Amene munali kuno pa chilala cha 2018, boma la mzinda litalamula kuti munthu asapitirire malita 50 pa tsiku, mukukumbuka mizere ya anthu ndi zigubu pa kasupe wa ku Newlands. Ndi madzi omwewo. Ubwino woyambira kumeneko ndi woti alamu adzaona kaye mmene mowa umene anauzolowera umapangidwira, matanki akuluakulu ndi mabotolo othamanga pa lamba, ndiye akadzalowa mu kafakitale ka anthu khumi adzaona yekha kusiyana kwake. Ulendo wozungulira mkati umafunika kulembetseratu, ndipo valani nsapato zotseka.

Kuchoka apo muli ndi mbali ziwiri. Kummwera, ku Diep River, kuli Jack Black, imene inayamba mu 2007. Kwa munthu wochokera pa Green, amenewa ndi malo abwino oyambirapo, chifukwa Brewers Lager yawo siyoopsa, ndipo Cape Pale Ale imakulowetsa mu fungo la hops popanda kukumenya mbama. Chakumpoto, kubwerera kutauni, kuli Woodstock ndi Salt River, madera akale a mafakitale kumene nyumba zambiri zosungiramo katundu zinasanduka malo odyera ndi ofululira. Woodstock Brewery ili pa Albert Road. Devil's Peak, imene inayamba mu 2012, ndiyo inatchukitsa Salt River pa nkhani ya mowa, ndipo King's Blockhouse IPA yawo ndi umodzi mwa mowa umene unaphunzitsa anthu a kuno kumwa IPA. Dzinali ndi la kanyumba kakale ka asilikali komwe kali pa phiri la Devil's Peak. Mowawu umapezekanso m'mabala ambiri, choncho ngakhale musafike komwe amaupanga, mudzaupeza.

Pali wina amene ndikufuna kuti mumufunefune mwadala. Ukhamba Beerworx, ya Lethu Tshabangu, inapanga mowa wotchedwa Utywala, umene amathiramo mapira. Kwa ine nkhani yake ndi yaikulu. Ku Africa kuno anthu akhala akufulula ndi mapira ndi mawere kuyambira kalekale, umqombothi kuno, masese kwathu, koma craft beer itabwera inabwera ndi maphikidwe a ku America, ku England ndi ku Germany, ngati kuti kuno kunalibe ofulula. Munthu akatenga mbewu yathu n'kuiika mu mowa wa pa tapu umodzi ndi enawo, ndimaona kuti ndi woyenera kumugula. Ngati mwaupeza, alamu alawe, adzakuuzeni ngati sakumva kanthu kena kakumudzi mkatimo.

Mukakhala ndi tsiku lina ndi galimoto, kunja kwa mzinda kuli Cape Brewing Company (CBC) pafupi ndi Paarl, yodziwika ndi mowa wa tirigu wa mtundu wa ku Germany, ndi Darling Brew m'katauni ka Darling. Zimenezo ndi ulendo wa tsiku lathunthu paokha, musaziphatikize ndi za m'tauni.

Chenjezo limodzi musananyamuke. Kuyambira Malichi 2020 mpaka mu 2021 boma la kuno linaletsa kugulitsa mowa kangapo chifukwa cha Covid-19, ndipo timafakitale tambiri sitinadzukenso. Ena anasamuka, ena anasintha masiku otsegulira. Choncho musadalire nkhani yakale ya pa intaneti, ngakhale ino. Onani tsamba lawo la Facebook kapena Instagram sabata yomweyo, kapena imbani foni. Lamlungu ndi Lolemba malo ambiri otere amatseka kapena kuweruka msanga, ndipo Disembala kuno kumadzaza alendo.

Poitanitsa, musayambe ndi tambula yaikulu. Funsani tasting tray. Amakubweretserani kathabwa kokhala ndi timatambula tinayi kapena tisanu ndi kamodzi, kalikonse ka mowa wosiyana, ndipo kathabwa kamodzi mukhoza kugawana awiri. Yambani ndi wowala: lager kapena pilsner, kenaka wa tirigu uja amati weiss, umene umaoneka wa mbuu ndipo umanunkhira nthochi, kenaka pale ale, IPA, n'kumalizira wakuda. Mukayamba ndi IPA lilime limafa, zotsatira zonse zimangomveka ngati madzi. Nunkhizani musanamwe. Musafulumire ngati pa bala ya ku Bwandilo, chifukwa mowa wotere ukayamba kufunda pang'ono m'pamene fungo limatuluka. Pakati pake imwani madzi, ndi aulere. Ndipo wina ukakukanikani, usiyeni, palibe amene adzakudabweni. Mukapeza umene wakukomerani, apo ndiye itanitsani tambula yonse.

Yang'ananinso manambala a pa bolodi. ABV ndi mphamvu ya mowa. Lager wamba amakhala pa 4 kapena 5 peresenti, IPA nthawi zambiri 6 kapena kuposa, ndipo pali ena ofika 8 kapena 9. Amenewa amanyenga chifukwa amatsekemerera. Nambala ina, IBU, ikuonetsa kuwawa: ikakwera, kuwawanso kwakwera.

Za mtengo sindikubisirani, ndi wokwera kuposa Castle kapena Black Label. Chifukwa chake n'choti amafulula pang'onopang'ono, hops wambiri amachita kuitanitsa kunja, ndipo ntchito yambiri ndi ya manja. Koma poti mukugawana timatambula, simudzawononga zambiri kuposa madzulo wamba kumowa. Tengani khadi la ku banki chifukwa malo ena salandira ndalama ya pamanja, ndipo wokutumikirani mumuonjezere 10 peresenti monga mwa chizolowezi cha kuno. Muzimulankhula, chifukwa m'malo odyera a Cape Town mumagwira ana a kwathu ndi a ku Zimbabwe ambiri, ndipo kawirikawiri ndi iwo amene amadziwa mowa umene wangotsegulidwa kumene.

Galimoto isiyeni kunyumba. Lamulo la kuno limalekezera pa 0.05 g ya mowa pa 100 ml ya magazi, ndipo kathabwa kamodzi kakhoza kukufikitsani pamenepo musakudziwa. Mu Disembala apolisi amatchinga misewu kwambiri, ndipo kwa ife obwera mlandu wotere umakhudza ndi mapepala omwe. Sitima kwerani masana, foni ili m'thumba, ndipo pobwerera madzulo itanani Uber kapena Bolt mukadali mkati, mutuluke galimoto itafika pakhomo. Alamu ayende ndi kope ya pasipoti yawo, yeniyeniyo itsale kunyumba.