Kutsatira mnzako pa geni ya kunja

Achemwali, mwafunsa kuti geni yokapikula katundu kunja imayenda bwanji, komanso ngati ndi bwino kungotsatira amene anayamba kale. Za pasipoti ndi mpamba sindinena, zimenezo ngakhale mwana akudziwa. Kutsatira mutsatireni ndithu, koma mudziwe kaye kuti iyeyo akusaka chiyani. Basi imakhala imodzi, zimene anthu anyamukira kwawo n'zosiyana.

Ine ulendo wanga wachitatu ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam, ndinakhala mpando umodzi ndi mayi ena aakulu, odziwa Chiswahili ngati kwawo. Iwo akalowa shopu, ine pambuyo. Anatenga nsalu zodula za maukwati, inenso ndinatenga zomwezo, mpamba wonse ndi ndalama ya katapila pamwamba. Sanandinamize mayi aja, ndine amene sindinafunse. Iwo anali ndi maoda, eni ake atapereka kale theka, ndipo ndalama yawo inkatha kugona miyezi itatu osawawa mutu. Makasitomala anga anali ogula pang'onopang'ono, ofuna zotchipa, ena ongongola.

Ndiye pobwerera, pa boda, ndinakumana ndi ofisala wina wa msonkho. Mpaka lero nkhope yake ndimaiona. Malisiti anga anangowakankhira pambali, akuti ndi abodza, n'kuika mtengo wa m'mutu mwake. Ndinkadziwa chimene ankafuna, ndinakana. Basi inandisiya. Masiku atatu ndikugona pa zikwama, mvula ikundimenya, iye akudutsa osandiyang'ana n'komwe, ngati ndine chitsa. Msonkho ndinalipira wonse, lisiti ndinatenga, ndili nalo. Nsaluzo zinakhala m'nyumba miyezi isanu ndi iwiri katapila akubereka, mpaka ndinagulitsa makina anga osokera. Koma sindinagwe. Lero ena mwa amene ankandiseka amabwera kudzandifunsa njira.

Chenjerani ndi malangizo a pamsewu. Kondakitala akati katundu wanu adutsa bwino, iye akufuna basi idzaze. Osintha ndalama akati mawa dola ikwera, akufuna musinthe lero. Musawanyoze, amadziwa zambiri kuposa inu, kungoti aliyense amakokera kwake. Ine ndimamvetsera, kenako ndimadzifunsa kuti akanakhala ndi mpamba wanga ndi makasitomala anga, akanalankhula zomwezi?

Zodabwitsa, chimene chinandithandiza kwambiri ndinachimva kwa bambo wina woyenda njira ya ku Zambia, amene katundu wake sindingamukhudze n'komwe. Ndiye anandiuza za STR, dongosolo la amalonda ang'onoang'ono la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kuno ku Africa: katundu wosapitirira mtengo umene unakhazikitsidwa, wopangidwa m'dziko la membala ndipo ali pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, amadutsa ndi fomu yachidule popanda ajenti wotulutsa katundu pa boda. Ajenti angakuuzeni zimenezo? Adyera pati? Koma musathamange nazo ku Dar es Salaam, Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, ndipo zambiri za ku Kariakoo n'zochokera ku China.

Mayi aja timayendabe limodzi nthawi zina. Ndimawafunsa shopu yosaba pa muyezo, malo ogona otetezeka, tsiku limene mzere umachepa pa boda. Akayamba kusankha nsalu zawo, ine ndimawapempha andisungire chikwama, n'kupita kumene kuli zanga.