Dzuwa likayamba kulowa msanga ku Britain, buku ndi nyimbo muzitani nazo?

Mayi wina amene wangotha chilimwe chake choyamba ku London watilembera kuti: "Miyezi yapitayi ndinkaweruka kuntchito kukadali kowala, n'kukakhala kupaki ndi buku, nyimbo zili m'makutu. Tsopano kwayamba kuzizira, mdima ukufulumira, ndipo ndikangotsegula buku tulo basi. Nditani?"

Mayi, si ulesi umenewo ayi, ndi kuwala kumene kwachepa. Kumudzi usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse, koma ku London dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa kumapeto kwa Juni, 7 koloko isanakwane kumapeto kwa Seputembala, ndipo mu Disembala limalowa 4 koloko isanakwane. Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ola limodzi, ndiye mdima umangogwa mwadzidzidzi. Chizolowezi chanu chatsopano muchikhazikitse tsiku limeneli lisanafike, chifukwa likadutsa thupi limangofuna bulangete.

Yambani ndi nyale. Babu la kudenga limaponya chithunzithunzi cha mutu wanu patsamba, maso n'kutopa msanga. Gulani kanyale koika pambali pa mpando, babu lake la malumeni (muyeso wa mphamvu ya kuwala) pafupifupi 800, lolembedwa 2700K kapena 3000K papaketi, kutanthauza kuwala kwachikasu pang'ono. Lolembedwa 6500K limawala mobiriwira ngati la m'chipatala ndipo usiku limachedwetsa tulo. Nyaleyo ikhale kumbuyo kwa phewa, kuwala kuzigwera patsamba osati m'maso. Muziwerenga mutakhala pampando mukangomaliza kudya, mphindi 20 kapena 30. Pabedi, hita ikuyaka, palibe amene amadutsa masamba atatu.

Za mabuku, musawononge ndalama. Khadi la laibulale ya khonsolo ndi laulere. Nthawi zambiri amangofuna chiphaso ndi kalata yosonyeza kumene mukukhala. Malaibulale ambiri amabwereketsa buku milungu itatu, ndipo mukhoza kuwonjezera masiku pa intaneti ngati wina sanalisungitse. Khadi lomwelo limatsegula BorrowBox kapena Libby, mapulogalamu a pafoni obwerekera mabuku, malinga ndi khonsolo yanu, momwe muli mabuku omvera. Amenewa amabwerera okha tsiku likakwana, choncho palibe chindapusa. Ndi abwino m'basi ya m'mawa pamene maso sanatseguke bwino.

Nyengo imeneyi ndiyo imene makampani osindikiza amatulutsa mabuku ambiri poyembekezera Khirisimasi, komanso ndi ya mphoto. Mabuku 6 omaliza pa mpikisano wa Booker amalengezedwa mu Seputembala, wopambana n'kudziwika mu Novembala, ndipo mphoto ya Nobel ya zolembalemba imatuluka mu Okutobala. Mndandanda ukangotuluka sungitsani buku tsiku lomwelo, apo ayi mudikira pamzere mpaka chisanu chitafika pakati. Okutobala ndi mwezinso wa Black History Month (wokumbukira mbiri ya anthu akuda) ku Britain, ndiye mabuku a alembi a ku Africa amaikidwa poyera pafupi ndi khomo. Koma musayambe ndi chibuku cha masamba 600 poti n'chotchuka. Tengani chachifupi, kapena nthano zifupizifupi, kuti mumve kukoma komaliza buku.

Mabuku anu musawayandikitse kukhoma loyang'ana kunja kapena pawindo. Mukayanika zovala m'nyumba chinyezi chimakhala pamenepo, masamba amapindika ndipo nkhungu imamera kuchikuto. Siyani mpata wa zala zitatu pakati pa shelefu ndi khoma.

Nyimbo nazo zisinthe malo. Zamawu a chinenero chimene mumamva zimalimbana ndi mawu a patsamba, mumapezeka mwabwereza ndime imodzi kanayi. Powerenga ikani za zoimbira zokhazokha, motsitsa. BBC Radio 3 ili nazo zambiri, ndipo kumvera wailesi sikufuna laisensi ya TV. Zothamanga zimene munkamvera m'chilimwe musazitaye, zisamutsireni m'mawa pokonzekera ntchito ndi pophika, pamene thupi likufuna kudzutsidwa. Ambiri amalakwitsa pomvera nyimbo zachisoni zokhazokha kukada, kenako kusungulumwa n'kukula. M'sitima yapansi phokoso limakukakamizani kukweza mahedifoni. Musapyole 60 peresenti, makutu akawonongeka sachira.

Ngati mumamvera Zodiak kapena MBC pa intaneti, kumbukirani kuti Malawi sasintha wotchi. Mawotchi a ku Britain asanabwezedwe, Malawi amakhala patsogolo ndi ola limodzi, koma kuyambira kumapeto kwa Okutobala amakhala patsogolo ndi maola awiri. Pulogalamu ya 7 koloko madzulo kumudzi imene mukuipeza 6 koloko idzayamba kukupezani 5 koloko, mwina mukadali m'njira.

Chimene tikukulimbikitsani kwambiri ndi kwaya. Makwaya ambiri a m'mipingo ndi a m'madera amayambiranso mu Seputembala kukonzekera nyimbo za Khirisimasi, amakumana madzulo amodzi pamlungu, ndipo ambiri safuna kuti mudziwe kuwerenga manotsi. Munthu amene anakulira m'kwaya ya kumudzi amagwira alito kapena sopulano ndi khutu pa tsiku loyamba. Funsani kulaibulale komweko, pabolodi la zidziwitso pafupi ndi khomo pamakhala mapepala awo.