Standard deviation yatuluka yaikulu kuposa mean, vuto lili pati?

Funso lachokera kwa mtsikana wa ku Tsangano yemwe ali ku koleji, akuti anafunsa alimi matumba a kachewere omwe anakolola koma standard deviation yake yatuluka yaikulu kuposa mean ndiye alekichala amubwezera pepala.

Mng'ono wanga usataye mtima, tiyeni tiwerenge limodzi. Mean ndi avereji ya manambala ako, standard deviation imaonetsa kuti manambalawo atalikirana bwanji ndi mean. Tiyerekeze kuti alimi asanu anakolola matumba 12, 14, 15, 16 ndi 18. Ukawonkhetsa zikukwana 75, gawa ndi 5, mean ndi 15. Kenako nambala iliyonse uchotsepo 15, upeza -3, -1, 0, 1 ndi 3, uchite square iliyonse zikhala 9, 1, 0, 1, 9, zonse pamodzi 20. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Popeza alimi asanuwa si alimi onse a ku Tsangano koma ochepa chabe omwe unawapeza, ugawe ndi n-1 (n ndi chiwerengero cha alimi mu sample yako, apa 5), ndiye 20 kugawa ndi 4 ndi 5, square root yake 2.24. Ukagawa ndi 5 upeza 4, square root yake 2, imeneyo ndi ya population, kutanthauza ngati unafunsa alimi onse. Timachotsa 1 chifukwa mean taipeza kuchokera mu sample momwemo, ndiye manambala amaoneka ngati ali pafupi nayo kuposa momwe zilili kwa alimi onse. Pa Excel lemba STDEV.S osati STDEV.P.

Koma vuto lakoli ine ndikukaika kuti ndi fomula ayi, ndi data. Taona, polemba mu kompyuta zala zikaterereka 18 uja nkukhala 81, mean ikwera kufika 27.6 koma standard deviation ilumpha kuchoka pa 2.24 kufika pafupifupi 29.9, nambala imodzi yokha! Chifukwa chake ndi square uja, 81 ali patali ndi mean ndi 53.4, ukachita square zikupitirira 2,800 pomwe ena anayiwo ukawaphatikiza sakufika ndi 730 yomwe. Zomwezinso ukalemba 0 pa mlimi yemwe sanayankhe, kapena wina wakuuza matumba wina makilo iwe nkuika mu kolamu imodzi.

China chomwe ambiri sadziwa, sikelo ikamawonjezera makilo 2 pa thumba lililonse standard deviation sisintha nkomwe, imasintha ndi mean yokha, ndiye kukhala yaing'ono sikutanthauza kuti data ili bwino.

Ndiye chita izi, sanja manambala ako kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, yang'ana kumapeto konse kuwiri, yokaikitsayo ukaifananize ndi pepala lomwe unalembapo kumudzi kuja. Chonde usangoifufuta poti ikukusokoneza, mwina alipodi mlimi wa munda waukulu amene anakolola matumba 81, zikakhala choncho standard deviation yaikuluyo ndi yoona ndipo ungofotokoza mu lipoti. Ikakhala yolakwika ikonze, ulembenso kuti unakonza chani kuti alekichala aone.