Asasiye siketiyo, angoikonza bwino ndi kuimaliza

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalembazi ndipo ndati ndisangodutsa poti ntchito yanga ndi yomweyi, ndine telala, ndakhala pa makina zaka zopitilira 20 tsopano. Mwati mwana wanu wa Fomu 3 anapatsidwa pulojekiti ya sustainable fashion, yoti apange chovala mosaononga chilengedwe, ndiye anatolera thumba la tizidutswa ta zitenje kwa atelala ndi majinzi atatu akutha nkuyamba kusoka siketi, pano yafika pakati koma masingano akungothyoka, nsalu yomwe anainyika m'makoko a anyezi yasuluka atangochapa kamodzi, ndiye poona anzake akupanga madilesi a majumbo ndi manyuzipepala mwana wagwa mphwayi akufuna ataye zake ayambe zomwezo, pomwe kwatsala masabata anayi. Mukufunsa kuti asinthe kapena ayi. Ine ndikuti asasinthe olo pang'ono.

Madilesi a majumbo aja ndinawaonapo kangapo pa zionetsero za ana asukulu, amakongola ndithu ndipo anthu amaimba m'manja, komanso ana amakhala atagwira ntchito yaikulu, sindikuwanyoza ayi. Koma mufunse kuti dilesilo mawa lake limakhala kuti. Munthu sangapite nalo kutchalitchi, sangalichape, sangakhale nalo pansi mu minibasi, likangotha tsikulo limapita kudzala komwe majumbowo amayenera kupita poyamba, ndipo likupita litaonjezedwa guluu, selotepi ndi masitepulo. Ena mpaka amakagula majumbo atsopano kugolosale kuti akhale oyera ofanana mtundu, pomwe dziko lino linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) kuyambira 2015 ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Ndiye chilengedwe chapindula chani pamenepo? Siketi ya mwana wanuyo akaimaliza bwino aivala zaka ziwiri zitatu, kenako atenga mng'ono wake. Mutu omwe aphunzitsi anaperekawo ukufuna zimenezo, chovala choti chivalidwe, chichapidwe, chikhalitse.

Tiyambe ndi singano poti ndi yomwe ikumudyera ndalama. Mosakaika akugwiritsa ntchito nambala 14 yomwe imakhala kale pa makina, imeneyo ndi ya zitenje ndi malaya wamba. Jinzi imafuna 16, malo okhuthala kwambiri 18, ndipo ulusi ukhale olimbirapo, asagule otchipa uja omangoduka. Akafika pamene misoko yakumana, paja pamakhala nsalu yopindana kanayi kapena kuposa, aike pa thabwa amenyepo ndi hamala pang'ono kuti paphwatalale, kenako asapalase ndi mwendo ayi, azungulize gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka adutse. Ndipo asamakoke nsalu kumbuyo, ana ambiri amakoka poganiza kuti akuthandiza makina, singano imapindika nkukagunda chitsulo cha pansi, kuthyoka kwake nkumeneko. Kungoigwira kuti isakhote basi, makina amakoka okha. Komanso chabwino nkungodula misoko yakale yokhuthalayo nkuisiya pambali, atenge nsalu ya m'miyendo kumbuyo chifukwa ndi komwe jinzi imakhala ikadali yamoyo, m'mawondo ndi pakati pa miyendo pamakhala patatha. Lamba wa m'chiuno, zipi ndi matumba a kumbuyo asataye, jinzi imodzi ikamukwana m'chiuno angoisiya pamwambapo momwe ilili kuti ikhale mutu wa siketi, wapulumuka ntchito yoika zipi yomwe imavuta ngakhale ophunzira a chaka chachiwiri.

Tizidutswa ta zitenje ndi pomwe ndikufuna nditalikitse chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Choyamba achape tonse asanasoke, tofiira patokha, tabuluu patokha, chifukwa zitenje zina zimatuluka mtundu zina zimafupika, ukalumikiza zosachapa siketi imadzakwinyika ngati chikwama tsiku loyamba kuichapa. Akachapa asite, olo ndi ayironi ya makala yomweyo. Chachiwiri asankhe tofanana kulemera, chitenje cholimba chija cha waksi usachilumikize ndi kopyapyala koterera, kolimbako kamang'amba kofewa pa msoko. Ndipo nsalu ili ndi njira yake, ukaikoka mbali imodzi siitamuka, mbali ina imatamuka pang'ono, mopingasa imatamuka kwambiri, ndiye tizidutswa tonse tiyang'ane kumodzi apo ayi siketi izilendewera mbali imodzi. Njira yosavuta kwa mwana ndi iyi, atenge shiti yakale yapabedi adule patani ya siketi, kenako azisokera tizidutswa pamwamba pa shitiyo kamodzikamodzi, kusoka, kutembenuza, kusita, kusoka kena. Shitiyo imagwira zonse pamodzi komanso imasanduka layiningi, mkati simuoneka ulusi olendewera. Ndimanena kawirikawiri kwa atsikana omwe ndimawaphunzitsa kuti ayironi ndi theka la utelala, msoko uliwonse usitidwe usanasoke wina, mudzaona nokha kusiyana kwake. Mitundu asaike yonse ya mthumbamo, asankhe itatu kapena inayi yogwirizana, jinzi ya buluuyo ikhale yopumitsa maso pakati.

Za utoto wa anyezi, mwina vuto si anyezi koma nsalu. Utoto wa zomera umagwira pa thonje, pa poliyesita sugwira olo mutawiritsa tsiku lonse, ndipo nsalu zoyera zambiri zomwe tikugula pano, ngakhale zitenje zotchipa, ndi poliyesita kapena zosakaniza. Kuti adziwe adule kachidutswa kakang'ono akayatse ndi machesi panja, inu muli pompo ndi madzi pafupi, agwire ndi supuni ziwiri kapena pulayazi osati zala. Thonje limayaka ngati pepala, kununkha ngati pepala, phulusa lake lofewa lomwazika. Poliyesita imasungunuka, kununkha pulasitiki, nkusiya kamphumphu kolimba kakuda. Ikakhala ya thonje aiwiritse kaye ndi sopo ndi soda pang'ono kuchotsa mafuta ndi sitachi, kenako ainyike m'madzi a alamu, ka mwala koyera kaja kamapezeka m'mafamase ena ndi kwa ogulitsa zokometsera ndiwo, ndi kamene kamathandiza utoto kukakamira. Mchere okha ambiri amauthira koma suchita zambiri. Makoko a anyezi akhale ochuluka, apemphe kwa amayi ogulitsa anyezi kumsika amangowataya, awiritse ola lathunthu, asefe, aike nsalu, igone momwemo usiku onse. Zimatuluka zachikasu chopita ku golide. Nthanga za mapeyala zimatulutsa pinki, ambiri sakhulupilira mpaka ataona. Masamba a tiyi amapereka bulauni. Akanyika misomali ya dzimbiri mu viniga masiku angapo nkuthirako pang'ono madzi akewo, chikasu cha anyezi chija chimasanduka chobiriwira moderako. Poto akhale wakale osaphikiranso chakudya chonde, ndipo aziyanika pa mthunzi. Kusuluka pang'ono kumakhalapobe, ndi khalidwe la utoto umenewu.

Ndipo nsalu yosuluka ija asaitaye! Aimate mu kope lake alembe pansi kuti ndinayesa chonchi, zinakanika, chifukwa chake ndi ichi, kenako pambali pake amate yomwe yatheka. Ine ndikanakhala ndikuchonga, tsamba limenelo ndi lomwe lingandionetse kuti mwana waphunziradi. Azijambulanso pa foni sitepe iliyonse. Apite ndi thumba lake la tizidutswa pa sikelo ya ogulitsa nyemba aliyeze, akamaliza ayezenso zotsala, adziwe kuti wapulumutsa makilogalamu angati omwe akanaotchedwa kuseli kwa shopu. Chifukwa tinene zoona, ife atelala tizidutswa timatiotcha kapena kutaya mu ngalande, ine ndemwe ndinkatero mpaka amayi ena oluka zopondera pakhomo pa masaka anayamba kumabwera kudzatenga, ndipo zimandiwawa ndikakumbuka utsi omwe ndinkapumitsa ana apafupi.

Pa zolembazo, nkhani za kunja aikemo koma zochepa zomveka. Akatswiri amawerengera kuti T-shirt imodzi ya thonje imadya madzi okwana malita 2,700 kuyambira kumunda mpaka kufakitale, amuuze mphunzitsi kuti amenewo ndi zigubu 135 za malita 20, aliyense amene anasenzapo chigubu kuchokera pa mjigo amva msanga. Ku Accra ku Ghana kuli msika wa kaunjika wa Kantamanto komwe kumafika zovala pafupifupi 15 miliyoni pa sabata ndipo pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zimathera kudzala ndi m'mbali mwa nyanja. Ku Bangladesh mu 2013 nyumba ya mafakitale osoka ya Rana Plaza inagwa nkupha anthu oposa 1,100, ambiri atsikana osoka ngati ife, kusokera makampani akuluakulu zovala zotchipa zomwe zina zimadzatipeza kuno mu belo.

Koma zomwe zingampatse malikisi enieni ndi za konkuno. Mumuperekeze Loweruka kumsika, kaya ku Limbe kaya kwa Tsoka ku Lilongwe kaya pa msika wanu uliwonse, akacheze ndi mayi mmodzi ogulitsa kaunjika mwaulemu, amufunse kuti akatsegula belo ndi zingati zimakhala zabwino zopachika, zingati zotsitsa mtengo, zingati zosagulika, ndipo zosagulikazo zimapita kuti. Alembe zomwe wamva ndi makutu ake. Ndipo chonde asakalembe kuti kaunjika ndi oipa basi, kaunjika watipulumutsa ku usiwa, waphunzitsa ana a anthu ambiri mpaka ku koleji, komanso kuvala chovala chomwe wina anavalapo ndi kusamala chilengedwe kale. Vuto ndi zinyalala zomwe zimabwera limodzi m'mabelomo, komanso kuti thonje timalima tokha ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima, lambiri nkumatuluka kunja lisanasanduke nsalu, ife nkumadikira zotsala za ena. Rwanda inakweza msonkho wa kaunjika kuti iteteze mafakitale ake, America inaichotsera mwayi ogulitsa zovala ku America komweko mopanda msonkho pansi pa AGOA, ndondomeko yake ya malonda ndi maiko a mu Africa, mu 2018, ndiye aone kuti nkhaniyi ili ndi ndale zake, mwana wa Fomu 3 atha kuimvetsa bwinobwino mukamufotokozera.

China chomwe chimandisangalatsa ine, zimenezi si zachilendo kwathu kuno. Makolo athu ankasula chiwondo, nsalu yomwe ankavala, kuchokera ku khungwa la mombo, ndipo Amang'anja a ku Chigwa cha Shire ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuluka nsalu zawo zotchedwa machila, David Livingstone anawapeza akuchita zimenezi mu 1859. Ngati agogo ake alipo akakhale nawo pansi amufotokozere mmene chitenje chimodzi chimayendera, chimayamba cha kutchalitchi, kenako cha pakhomo, kenako mbereko, kenako thewera kapena nkhata, kumalizira chokolopera, osataya mpaka chitatheratu. Ndime imodzi ya mawu a agogo ndi chithunzi chawo ikhala yokoma kuposa zonse zokopera pa intaneti. Akafunsenso za chigamba, kale amayi ankadziwa kuika chigamba chooneka bwino, pano ana akuchita nacho manyazi pomwe akugula majinzi ong'ambika kale m'mawondo.

Masabata anayi ndi okwanira. Sabata ino achape, asite, asankhe ndi kuyesanso utoto. Masabata awiri otsatirawo asoke, ndipo ngati makina a pakhomo akuvutabe apite kwa telala yemwe anamupatsa tizidutswa uja akapemphe kukhala pambali pake masana amodzi, ambiri sitikana mwana ofuna kuphunzira, koma asokere yekha, musamulipilire munthu kuti amusokere chifukwa aphunzitsi amazindikira ndipo iye sapindula kanthu. Sabata yomaliza aivale siketiyo tsiku lathunthu, akhale nayo pansi, akwere nayo njinga, aichape katatu, pomwe pasosoka akonze, ndipo alembe mu lipoti kuti yachapidwa katatu ikadali bwino. Tizidutswa totsala apange kachikwama kapena kansalu ka kumutu kofanana nayo kuti pa sikelo paja pasatsale kanthu kambiri.

Mumuuze kuti azakhali ena a pa gulu pano akudikira chithunzi. Mukajambula mujambule ndi mkati momwe, moitembenuza, ndione misoko yake, ngati pali pofunika kukonza ndikuuzani asanakapereke.