Thonje ndi njanji: yankho kwa mayi wosoka zovala

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wosoka zovala. Mwana wawo akuphunzira mbiri ya mafakitale a ku Britain, ndipo m'buku lake nkhani ya makina opota ulusi ndi ya sitima zoyendera nthunzi zili pamutu umodzi. Mayiwo akufunsa kuti nsalu ndi sitima zikugwirizana pati, kapena olemba bukuwo angozisonkhanitsa poti zonse ndi zakale?

Mayi, ubale ulipo, ndipo inu amene mumaswera pamakina muumva msanga kuposa ambiri. Mukudziwa zimene zimachitika maoda atachuluka koma ulusi watha ndipo kusitolo kulibe. Manja alipo, makina alipo, koma ntchito yaima. Ku Lancashire, dera la ku England, kunachitika zomwezo, mobwerezabwereza, kwa zaka pafupifupi 100.

Kale woomba nsalu ankaponya ndi dzanja kamtengo konyamula ulusi, kuchoka mbali iyi kupita inayo, ndipo nsalu ikakhala yotambalala pankafunika anthu awiri oponyerana. Mu 1733 John Kay wa ku Bury anakaika timawilo kamtengoko, woombayo n'kumangokoka chingwe, iko n'kuthamanga kokha. Nsalu inayamba kutuluka msanga, koma ulusi unasowa, chifukwa opota, ambiri a iwo amayi ogwirira ntchito m'nyumba zawo, ankapota ulusi umodzi basi pa nthawi imodzi.

Cha m'ma 1764 James Hargreaves anapanga makina otchedwa spinning jenny, opota ulusi usanu ndi utatu pakamodzi. Anzake poopa kuti ntchito iwathera anamuthyolera nyumba n'kuphwanya makinawo, iye n'kusamukira ku Nottingham. Ine sindiwaweruza anthu amenewo, chifukwa ankaona chakudya cha ana awo chikuchoka m'manja. Richard Arkwright, yemwe poyamba anali wometa tsitsi, anamanga fakitale ku Cromford mu 1771, momwe gudumu lozunguliridwa ndi madzi linkayendetsa makina usana ndi usiku. Amene amandimvetsa chisoni ndi Samuel Crompton. Makina ake a mu 1779 ankapota ulusi wosalala komanso wolimba kuposa ena onse, koma sanawalembetse kuboma kuti ndi ake. Ena analemera nawo, iye anamwalira wosauka mu 1827. Ulusi utachuluka, oomba ndiwo anayamba kutsalira, ndipo mu 1785 Edmund Cartwright anatulukira makina oomba nsalu okha.

Tsono nthunzi ikulowa apa. Fakitale yodalira mtsinje imamangidwa kumene kuli mtsinjewo, ndipo madzi akachepa ntchito imaima. Injini ya nthunzi inalipo kale kuyambira 1712, pamene Thomas Newcomen anaipanga kuti izipopa madzi m'migodi, koma inkadya malasha ambiri. James Watt anaikonza kuti izidya ochepa, kenako kuti izitha kuzunguza gudumu. Zitatero mafakitale anadzaza mzinda wa Manchester.

Koma thonje silimera ku England. Linkabwera pa sitima zapamadzi, lambiri lochokera ku America komwe ankalilima ndi akapolo, n'kutsikira padoko la Liverpool. Kuchoka pamenepo kukafika ku Manchester, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, linkayenda m'ngalande pa mabwato okokedwa ndi akavalo. Amalonda ankadandaula ndi kuchedwa komanso kukwera kwa mitengo, makina akudikira thonje. Ndiwo anasonkha ndalama zomangira njanji.

Sitima ya nthunzi inali itayesedwa kale. Mu 1804 ya Richard Trevithick inakoka matani 10 a chitsulo ku Wales, koma kulemera kwake kunkathyola njanji. Mu 1825 njanji ya Stockton ndi Darlington inatsegulidwa, makamaka yonyamula malasha. Mu 1829 eni njanji ya Liverpool ndi Manchester anachititsa mpikisano ku Rainhill, ndipo inapambana injini yotchedwa Rocket, ya George Stephenson ndi mwana wake Robert. Njanjiyo inatsegulidwa pa 15 Sepitembala 1830. Tsiku lomwelo phungu wa Liverpool, William Huskisson, anatsika m'sitima pamalo omwetsera madzi, Rocket n'kumugunda mwendo, ndipo anamwalira usiku wake.

Chimodzi mumuuze mwanayo, chifukwa nthawi zina mabuku amachidumpha. M'mafakitale amenewa munkagwira ana. Mmodzi wa iwo anali David Livingstone, amene analowa ntchito ali ndi zaka 10 m'fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland. Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku ankayendayenda pakati pa makina, kulumikiza ndi zala ulusi woduka, akaweruka n'kupita kusukulu ya usiku. Lamulo loletsa ana osakwana zaka 9 kugwira ntchito m'mafakitale a thonje ndi ubweya, lokhala ndi anthu oyendera mafakitale kuona ngati likutsatidwa, linabwera mu 1833. Mu 1859 Livingstone yemweyo anakwera mtsinje wa Shire pa boti la nthunzi lotchedwa Ma Robert, ndipo china chimene ankayang'ana chinali malo olima thonje loti lizipita ku mafakitale a kwawo. Anapeza Amang'anja akulima thonje lawo, akupota ndi kuomba nsalu zawo pamanja.